Penti akuuma ndisanamalize chithunzi

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine bambo wojambula zithunzi za njovu ndi phiri la Kasungu ndi penti wa acrylic. Kutentha kwa Okutobala kuno, ndikangofinyira penti m'mbale, posakhalitsa wachita kale chikoko, ndipo ndikathira madzi sasungunuka. Penti wadula, nditani? — Wojambula, Kasungu boma

YANKHO: Bambo, acrylic amauma madzi ake akauluka, ndipo akauma amasanduka pulasitiki, madzi sangamubwezenso. Ndiye mum'patse chinyezi chochokera pansi asanaume.

Pezani kontena yapulasitiki yosazama, ya chivindikiro chothina, monga ija ana amatengera chakudya kusukulu. Pansi yalani siponji yopyapyala, ya theka la sentimita, kapena nsalu yoyera yopinda kanayi. Thirani madzi mpaka ikhute, kenaka pendeketsani kontena otsala atayike. Mukadina ndi chala madzi azingoonekera, asachite chithaphwi. Pamwamba yalani pepala lija ophika makeke amayala m'chiwaya, ndipo lisalazeni ndi chala kuti pansi pake pasatsale mpweya, chifukwa pomwe latukuka penti amauma. Pentiyo mufinyire papepalapo.

Nkhani yagona pa pepala. Liyenera kulola chinyezi kukwera pang'onopang'ono. Lopaka phula kapena jumbo sizidutsa madzi, mungotaya nthawi. Nyuzipepala nayo ayi: imanyenyeka, inki yake n'kulowa m'penti.

Ambiri amalakwitsa pochulutsa madzi. Penti amasukuluka, mitundu n'kuyenderana, ndipo pachinsalu saphimba bwino. Zikatero finyani siponji pang'ono. Mukaona m'mphepete mwa pepala mukupindika, madzi achepa. Thirani masupuni awiri cham'mbali, osati pamwamba pa penti. Mukavindikira usiku, m'mawa tsegulani mosamala, poti madontho a pachivindikiro amagwera m'penti. Mukasunga pamthunzi, pentiyo atha kukhala wofewa masiku angapo.

Potentha chonchi chuku sichichedwa. Gwiritsani ntchito madzi owiritsa atazizira, chapani siponji ndi sopo sabata iliyonse n'kuiyanika padzuwa. Ikayamba kununkha, pepala ndi penti wake zitayeni.

Koma ngati mumalembanso zikwangwani za magolosale ndi penti wa mafuta, uja wosungunula ndi thina, njirayi siyake. Iyeyu sagwirizana ndi madzi. Muzingotsanulira wochepa m'kachitini, chitini chachikulu n'kutseka msanga.