Khonje: wa m'munda wonse kapena wa m'malire?

Bambo wina wa ku Furancungo, m'boma la Macanga ku Mozambique, wanditumizira imelo. Akuti fodya wawatopetsa, ndiye akufunsa ngati angadzale khonje munda wonse kuti azigulitsa.

Bambo, munda wonse ayi. Dzalani m'malire.

Khonje kwawo ndi ku Mexico. Ku Tanganyika (Tanzania wa lero) anafika mu 1893 ndi Mjeremani wina, Richard Hindorf, ndipo kuyambira kale ndi mbewu ya maesiteti okhala ndi makina opalira ulusi wake pafupi. Lero Brazil ndiye amalima kwambiri, ndipo kwathu kuno minda ikuluikulu ili ku Nampula. Makinawo sangatalikire munda. Mukadula masamba olemera makilogalamu 100, ulusi umatuluka pafupifupi makilogalamu 4 basi, zotsalazo ndi madzi ndi zinyalala. Masambawo amafunanso kupalidwa pasanathe masiku awiri, akafota ulusi umakanirira. Ndani angalipire lole yonyamula madzi kuchoka ku Macanga mpaka ku Nampula? Onjezani zaka ziwiri kapena zitatu zodikira musanadule tsamba loyamba, ana akudya chiyani? Pamsika naponso zingwe za nayiloni zinalanda malo kalekale.

Koma m'malire khonje ndi wantchito. Chilala sachiopa, chimene amadana nacho ndi dambo lolowa madzi. Zulani tiana tophuka patsinde, dzalani mothinana, akakula ng'ombe imangoyang'ana minga ija n'kubwerera. Pamtsetse amagwiranso dothi.

Chingwe mupanga nokha. Dulani masamba a m'munsi, apakati oimirira aja muwasiye. Chotsani munga wa kunsonga, ng'ambani tsamba m'litali, mulipanikize pakati pa chikwanje ndi mtengo n'kukoka mpaka patsale ulusi woyera. Madzi ake amayabwa koopsa, valani malaya a mikono yaitali, ndipo ana asatikite m'maso. Tsukani, yanikani padzuwa, kenaka potani pantchafu monga amachitira agogo osoka mphasa. Chingwecho chimanga mbuzi, denga, matumba a mbatata. Ngati fodya simumusiyiratu, chikuthandizaninso pachigafa, poti ogula fodya sakondwa akapeza tizidutswa ta pulasitiki m'belo.

Pakatha zaka 7 mpaka 10 khonje amatulutsa mlongoti wautali pakati, kenaka amafa. Musafulumire kuudula. Tiana timene timamera pamwamba pake tikayoyoka, tolani, muike panazale, mudzatseke mipata ya mpandawo mvula ikayamba.