Mvula ikugwa, koma pampopi pali gwa

Mwandilembera kufunsa kuti mabungwe ogawa madzi akuchitapo chiyani pa kusintha kwa nyengo, popeza kwanuko mpopi umauma ngakhale mkati mwa dzinja. Funsoli landikhudza, chifukwa ambiri amaganiza kuti vuto ndi chilala basi.

Mvula yamphamvu nayonso imatseka mipopi. Ikakhuthuka nthawi imodzi pamtunda wopanda mitengo, mtsinje umatsika ndi matope okhaokha. Kuda kwa madzi amakuyeza mu NTU, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limafuna kuti madzi akamathiridwa klorini akhale osafika 1 NTU, pomwe madzi osefukira amafika mazanamazana. Zikatero, wogwira ntchito pamalo oyeretsera amatunga madzi m'mabotolo asanu ndi limodzi, amathira alum (mankhwala odikhitsa matope) wa muyeso wosiyana m'botolo lililonse, amavundula, n'kuyang'ana botolo limene matope adikha msanga. Alum akachuluka pH imatsika, kutanthauza kuti asidi wachuluka m'madzi, ndiye pamafunika laimu womuchepetsa. Masefa a mchenga amatsekeka pafupipafupi, ndipo kuwatsuka kumadya madzi oyera omwewo. Klorini ayenera kutsalamo 0.5 mg pa lita pakadutsa mphindi 30, koma m'madzi amatope amathera m'njira. Apo n'zoyenera kuzimitsa mapampu. Bola mpopi wouma kusiyana ndi kolera.

Bungwe lokonzeka limakumba dziwe lodikhitsira matope madzi asanalowe m'makina, limakweza mapampu ndi mabokosi a magetsi pamwamba pa pomwe madzi osefukira anafikapo, limagula alum mvula isanayambe, ndiponso limakhala ndi jenereta.

Za chilala

Cape Town, mzinda wa ku South Africa, mu 2018 inatsala pang'ono kutseka mipopi, damu la Theewaterskloof litasanduka fumbi mbali yaikulu. Kuyambira February munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo mzinda unachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi akamathamanga ndi mphamvu, paipi yobooka imataya ochuluka. Ndikunena mosapsatira: bungwe lopempha damu latsopano lisanatseke mabowo ake likutungira madzi m'dengu. Njira yake ndi yodziwika. Mumagawa tauni m'zigawo, chigawo chilichonse ndi mita yake, ndipo mumawerenga mita pakati pa 2 ndi 4 koloko usiku, anthu atagona. Madzi ambiri amene akuyenda nthawi imeneyo akulowa m'nthaka. Kenako mumaika valavu yochepetsa mphamvu, n'kuyamba kusaka mabowo ndi ndodo yomvetsera phokoso la madzi otayika.

Kugawa madzi mosinthanasinthana, lero uku mawa uko, kumandidetsa nkhawa kwambiri. Paipi ikakhala yopanda kanthu imayamwa madzi onyansa kudzera m'mabowo aja, ndipo madzi akabwerera mwamphamvu imaphulikanso pena.

Magwero atsopano aliponso. Windhoek, likulu la Namibia, yakhala ikuyeretsa madzi a m'zonyansa kukhala akumwa kuyambira 1968. Perth ya ku Australia inatsegula makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja mu 2006, koma njirayi imadya magetsi okwana mayunitsi (kWh) 3 mpaka 4 pa malita 1,000 alionse.

Inuyo sungani madzi m'chidebe chovundikira, ndipo oyamba kutuluka mpopi ukabwerera muwatayire kudimba mpaka ayere. Mukaona paipi yaphulika, kaneneni tsiku lomwelo. Mufunsenso bungwe lanulo kuti mwa malita 100 alionse amene limayeretsa, ndi angati amene amafika pa mita za anthu.