Kupikula ku Tanzania: musananyamuke, funsani shilingi ili pati

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokapikula katundu ku Tanzania imayenda bwanji, komanso ngati mpamba wochepa ungakwane. Ungakwane ndithu. Koma ambiri amene amagwa pa geniyi sagwera mitengo ya ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, ayi, amagwera posintha ndalama.

Ulendo wokha ndi wosavuta. Mumadutsa ku Karonga n'kuwoloka pa Songwe, tsidya linalo amati Kasumulu. Ena amathera pa Kyela kapena Mbeya, ena mpaka ku Dar es Salaam. Pobwerera mumaonetsa katundu ndi malisiti kwa a MRA kuti awerengere msonkho. Malisitiwo asungeni bwino, chifukwa mukasowa nawo mtengo wa katundu wanu amauika ndi iwowo.

Tsono ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuchokera mu 2024, papepala dola yakhala cha m'ma K1,750. Koma kaipempheni kubanki, akuuzani kuti mulembe fomu, mudikire. N'chifukwa chake anthu amathera kwa anyamata a pachipata, aja amagwira mipukutu ya ndalama yomanga ndi labala, amene kumayambiriro kwa 2025 mtengo wawo unaposa wa kubanki kawiri. Njira imeneyo ndi yoletsedwa, apolisi amagwira, ndipo pakati pa mpukutuwo pamatha kulowa mapepala abodza. Komabe mitengo ya zinthu m'misika mwathu imatsata kumeneko, osati kubanki.

Ndiye poika mtengo wa chitenje musamayang'ane zimene munalipira. Muziyang'ana zimene mudzalipire mukabwererako. Ndaonapo amayi atagulitsa zitenje zonse, n'kuwerenga phindu akumwetulira, koma atafika pa Songwe ndalama ija, mpamba ndi phindu lomwe, osakwana katundu amene anatenga ulendo watha. Makasitomala adzakunenani kuti ndinu akuba. Pirirani, kapena geni ithera pomwepo.

China n'chakuti muzimvera nkhani. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe chifukwa cha kukwera kwa mabelo. Mwezi wotsatira, nduna ya zamalonda ya panthawiyo, Vitumbiko Mumba, inaletsa kuitanitsa kunja zinthu monga ufa, mpunga ndi zipatso, ati pofuna kuteteza alimi athu ndi kusunga ndalama zakunja. A ku Tanzania sanakhale chete. Pa 23 Epulo nduna yawo ya zaulimi ya panthawiyo, Hussein Bashe, inatseka chipata ku zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa. Patangotha masiku ochepa anachotsa chiletsocho kuti akambirane, koma nthochi ndi tomato sizidikira zokambirana za nduna. Amene anali atakweza kale katundu wowola anataya.

Ine maganizo oteteza alimi sinditsutsana nawo. Mpunga wa Kilombero tili nawo, bwanji tizidya wa eni? Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo limagwa mwadzidzidzi, munthu ali kale panjira ndi ndalama yangongole ya kubanki mkhonde. Makampani akuluakulu amakhala atamva kale. Ife timamvera pachipata.

Mwina mwamvanso za ndondomeko ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa) yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, imene katundu wina wopangidwa m'dziko loyandikana nalo amalowa popanda dyute. Ilipodi, ndipo pa Mchinji imagwira ntchito kwa opita ku Chipata. Koma Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, choncho musaiyembekezere pa Songwe. Ngakhale pa Mchinjipo, si katundu aliyense: pali mndandanda wake, ndipo zinthu zochokera ku China zimene mwagula ku Zambia sizilowamo.

Padzabwera wina wokunong'onezani kuti akuwolotserani katundu pabwato usiku. Mukagwidwa amalanda zonse, ndipo wonong'onezayo simudzamuonanso.

Poyamba tengani zosawola, zitenje, nsapato kapena ziwiya zapulasitiki, ndipo mupite ndi munthu wozolowera njirayo. Gawo lina la mpamba lisiyeni kunyumba, ndipo ndalama ya msonkho muyiike payokha musanalowe mumsika.