Kodi lendi ingabweze yokha ngongole ya nyumba?

Achemwali ena andilembera imelo kuti akufuna kugula nyumba yoika anthu a lendi pa ngongole ya ku banki, ndiye wogulitsayo wawauza kuti asadandaule, lendiyo izibweza yokha ngongoleyo. Akufunsa ngati zili zoona, komanso kuti asankhe kubweza zaka 20 kapena 15.

Achemwali, tengani kalikyuleta tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongophunzirirapo, inu muikemo anu.

Tinene kuti nyumbayo ndi ya 1,250,000, mwapereka dipoziti 250,000, banki yakubwerekani 1,000,000 pa chiwongoladzanja cha 12% pachaka, zaka 20. Mwezi uliwonse muzipereka 11,011. Mu Excel kapena Google Sheets ingolembani =PMT(12%/12,240,-1000000) ikuwonetsani. Koma taonani chomwe chimandiwawa ine, pa 11,011 ya mwezi woyambayo, 10,000 yonse ndi chiwongoladzanja, yomwe yachepetsa ngongole yeniyeni ndi 1,011 basi, ndipo zaka zoyambirira zimayenda choncho, mukulipira mokhulupirika koma ngongole ikungosuntha pang'onopang'ono. Pofika kumapeto mudzakhala mutapereka pafupifupi 2,640,000.

Tsopano lendi. Tinene 10,000 pamwezi, ndiye 120,000 pachaka, 9.6% ya mtengo wa nyumba. Ogulitsa amathera pomwepa. Inu pitirizani. Chotsani mwezi umodzi womwe nyumba ikhale yopanda munthu, chifukwa anthu amasamuka ndipo wina salowa tsiku lomwelo, chotsaninso 12,500 yokonzera denga, mapaipi ndi penti, kenako 7,500 ya inshuwaransi ndi misonkho, mwatsala ndi 90,000, yomwe ndi 7.2%. Banki ikufuna 132,132 pachaka. Ndiye kuti mwezi ndi mwezi muzitulutsa m'thumba mwanu pafupifupi 3,500.

Nkhani yonse yagona pa manambala awiriwa, 7.2% ndi 12%. Mukubwereka ndalama yodula kukagula chinthu chobweretsa zochepa, ndiye phindu lanu likudalira kuti mtengo wa nyumbayo ukwere komanso lendi izikwera. Zimatheka ndithu, nthawi zambiri lendi imakwera zinthu zikamadula, koma mudziwe kuti apo mukuyembekezera, simunawerengere. Afunseninso a banki ngati chiwongoladzanjacho ndi chokhazikika, chifukwa ngongole yomweyo pa 15% ndi 13,168 pamwezi, ndipo wa lendi sangavomere kuwonjezera chifukwa choti banki yakukwezerani inu.

Sindikuti musagule ayi. Gawo lina la ndalama mukuperekazo likusanduka nyumba yanu. Kungoti malipiro anu akhale oti angapirire 3,500 ija, ngakhalenso 11,011 yonse pamwezi kwa miyezi itatu nyumba ili pululu, apo ayi onjezerani dipoziti kapena nenererani mtengo utsike.

Za zaka 15 zija, muzipereka 12,002 pamwezi, kusiyana kwake ndi 991 yokha, koma zonse pamodzi ndi pafupifupi 2,160,000, mwapulumutsa ndalama yoposa 480,000. Ineyo ndikanakhala inu, thumba likulola, ndikanasankha 15. Ngati mukuona kuti zikufinyani, tengani 20 koma muzionjezera kangachepe pamwamba mwezi womwe zayenda bwino, ndipo musanasayine afunseni ngati pali chindapusa mukabweza msanga, muonetsetsenso kuti yowonjezerayo akuichotsa pa ngongole yeniyeniyo.