Yankho kwa achemwali amene afunsa za kupalanso chikhodzodzo cha bambo awo

Achemwali, mwanena kuti bambo anawapala chotupa m'chikhodzodzo mwezi watha, zotsatira zabwera kuti ndi khansa ya T1 high-grade, ndiye dokotala akufuna awalowetsenso ku fiyeta. Mukufunsa ngati opaleshoni yoyamba inalakwika komanso ngati ndi bwino kuvomera. Pepani ndi matendawa. Ine ndikuti vomerani, ndipo musachedwe.

Khoma la chikhodzodzo lili ndi zigawo. Mkati mwenimweni muli kakhungu kokhudzana ndi mkodzo, pansi pake pali kachigawo kopyapyala, kenako mnofu umene umafinya mkodzo potuluka. T1 ndiye kuti khansa yaboola kakhungu kaja, yafika pa kachigawo kachiwiri, koma mnofu sinaugwire. Ikagwira mnofu imatchedwa T2, ndipo nkhani imasinthiratu: timayamba kukamba zochotsa chikhodzodzo chonse, kapena mankhwala amphamvu opha khansa (chemotherapy) ndi kuiwotcha ndi makina (radiotherapy). Malire a T1 ndi T2 ndi ochepetsetsa, ndipo high-grade ndi khansa yaukali yosachedwa kuwadumpha.

Popala paja dokotala amadutsa m'njira ya mkodzo ndi kachipangizo ka kamera, n'kumasenga chotupacho ndi kawaya kamagetsi. Magazi amatchinga maso, chotupa chikakhala chachikulu chimabisa tsinde lake, komanso akazamitsa kwambiri akhoza kuboola chikhodzodzo. Ngakhale katswiri amasiyako zina. Zili ngati kapinga m'munda: pamwamba mwayera, mizu ikadali pansi. Bungwe la madokotala a matenda a mkodzo ku Ulaya, EAU, limati pafupifupi theka la odwala T1 amapezeka ndi khansa yotsalira akawapalanso, ndipo 8 mwa 100 alionse amapezeka kuti inali italowa kale mumnofu. N'chifukwa chake limalangiza kupalanso pakati pa masabata 2 ndi 6. A ku America, AUA, nawo amati pasanathe masabata 6.

Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri ndi ichi: tengani pepala la ku labu, mufunse dokotala ngati m'zimene anapala zija munapezeka mnofu. Pamalembedwa kuti detrusor muscle. Ngati munalibe, wa ku labu analibe poonera kuti khansa yalekeza pati, ndiye T1 imeneyo ndi yongoganizira. Dokotala Harry Herr wa ku New York anasonyeza mu 1999 kuti mwa odwala T1 amene munalibe mnofu, 49 pa 100 alionse anapezeka ndi khansa yozama atawapalanso, pamene mwa amene munali mnofu anali 14 okha pa 100 alionse. Kusiyana kumeneko si kwamasewera. Munthu akhoza kutha miyezi akulandira mankhwala a khansa yapamwamba pamene yake ikudya pansi.

Mufunsenso mtundu wake. Zonse ndanenazi zikukhudza khansa yotchedwa urothelial, ya maselo a kakhungu kamkati kaja. Kwathu kuno, makamaka kwa anthu okulira kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, likodzo losachizidwa kwa zaka zambiri limabweretsa mtundu wina, squamous, umene chithandizo chake n'chosiyana. Ngati bambo anadwalapo likodzo, muwauze adokotala.

Akapalanso n'kupeza kuti mnofu uli bwino, chotsatira nthawi zambiri ndi BCG, yemwe uja wa katemera wa TB wa makanda, koma uyu amamuthira m'chikhodzodzo kudzera pa kateta kamodzi pa sabata kwa masabata 6, kenako mwa apo ndi apo kwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Amagwira bwino chikhodzodzo chikakhala choyera. Chotupa chooneka ndi maso sangachisungunule.

Ndikudziwa kuti kugonekedwanso m'chipatala n'kotopetsa, thiransipoti ndi ndalama, ndipo akuluakulu ambiri magazi akasiya kutuluka mumkodzo amati achira. Kusiya kwa magazi sikutanthauza kuti khansa yatha, chonde muwafotokozere bwinobwino bambo. Kuvuta kwake n'kofanana ndi koyamba kuja: kateta kwa tsiku kapena masiku angapo, kuwawa pokodza, timagazi pang'ono. Akatentha thupi, mkodzo ukatsekeka kapena magazi oundana akamatuluka ambiri, thamangirani kuchipatala osadikira tsiku lopatsidwa. Ngati amasuta fodya asiye lero, ndipo ngati amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena asipirini, adokotala adziwe tsiku la opaleshoni lisanafike.