Khomo lodzera kukhitchini musaliwerenge ngati lothawira moto

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera kalata. Ali ndi holo yomwe amabwereketsa pa maukwati ndi zinkhoswe, yolowa anthu pafupifupi 200. Khomo lalikulu ndi limodzi, lakumaso. Lachiwiri lili kuseri, ndipo kuti munthu alipeze ayenera kudzera kukhitchini, kudutsa m'kachipinda kosungiramo makreti ndi mipando, kenako n'kufika pa chitseko chachitsulo chomwe chimakhala chokhoma ndi loko poopa akuba. Akufunsa ngati khomo limeneli n'lokwanira kukhala lothawirapo moto utabuka.

Amayi, yankho langa ndi lakuti ayi. Monga zilili panopa, holo yanu ili ndi khomo limodzi basi.

Taganizani komwe moto ungayambire tsiku la ukwati. Ndi kukhitchini komweko, komwe kuli mafuta owira a tchipisi, mbaula za makala ndi silinda ya gasi. Ndiye kuti mukuuza alendo athawire kumene kukuchokera utsi. Komanso mlendo wochokera ku Bvumbwe kapena ku Chitakale sadziwa kuti kuseri kwa mapoto kuli njira. Magetsi akazima, utsi utadzaza, aliyense amathamangira pomwe analowera, ndipo pakhomo pamenepo ndi pomwe anthu amapondana, makamaka ana ndi agogo.

N'chifukwa chake malamulo omangira nyumba a ku America otchedwa International Building Code amaletsa kuti njira yothawira anthu wamba idzere kukhitchini, m'chipinda chosungiramo katundu, kapena m'chipinda chilichonse chomwe wina angachikhome n'kutsekereza othawa. Amanenanso kuti malo osonkhanira anthu 50 kapena kuposa akhale ndi makomo awiri otalikirana, zitseko zake zotsegukira kunja. Amalolako pang'ono masitolo kudutsitsa njira mosungira katundu, koma pokhapokha pakhale mpata wosachepera masentimita 112 wotchingidwa mbali zonse kuti makatoni asaunjikidwemo, ndipo chitseko chisakhomedwe. Si malamulo athu, koma moto wa kuno sumasiyana ndi wa kumeneko. Kwathu kuno lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pa malo antchito limafuna kuti pantchito pakhale njira yothawira moto, ndipo ophika anu aja ali pantchito.

Nkhani ya loko ndi yomwe ikundidetsa nkhawa kwambiri. Akuba alikodi, sindikutsutsa. Koma kiyi amakhala m'thumba la munthu mmodzi, ndipo munthuyo nthawi imeneyo angakhale ali panja akutsitsa makreti m'galimoto. Mu Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ina yosanja ku Johannesburg, ena mwa iwo abale athu Amalawi, ndipo ena anapezeka ataunjikana pa geti lokhoma. Chitseko chothawira chiyenera kutseguka ndi dzanja limodzi kuchokera mkati, popanda kiyi. Loko wake ndi wa usiku, anthu onse atatuluka.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti muboole khomo latsopano pakhoma lam'mbali, kutali ndi lakumaso, lotulukira pabwalo penipeni. Musanagumule khoma, pitani ku khonsolo mukaonetse pulani, ndipo mupeze mmisiri wodziwa kuthira bimu pamwamba pa khomo. Pamwamba pake muikepo chikwangwani chobiriwira ndi nyale ya batire kapena ya sola yomwe imayakabe magetsi akazima. Kunja kwake pasaimikidwe galimoto kapena jenereta, ndipo okongoletsa holo asaliphimbe ndi nsalu, chifukwa amakonda kutero kuti zithunzi zioneke bwino.

Podikira ndalama zomangira, chepetsani chiwerengero cha anthu olowa, chotsani makreti ndi mipando m'kanjira kakuseri kaja, loko achoke mwambo usanayambe, ndipo wotsogolera mwambo alengeze makomo onse perekaniperekani asanayambe. Khomo lakukhitchinilo likhalepobe, lithandiza ophika ndi operekera zakudya.