Funsani Malume: Golovesi la pa kaunjika ndi mpira umene tinkamenya ku Cuba

FUNSO: Malume, ndine mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Tsangano. Mwezi wathawu mwana wina wa kalasi ya 9 anabwera ndi chigolovesi chachikopa chimene amayi ake anachipeza m'belo la kaunjika ku Lizulu. Ana atafufuza pa foni anapeza kuti ndi cha baseball, ndiye pano sakundipumitsa, akuti ndiwaphunzitse. Ine mpirawu sindinauonepo ndi maso. Ndinamva kuti inu munaphunzira ku Cuba. Kodi munausewerako? Nanga n'zotheka kuyamba popanda zipangizo, kapena ndingowabweza ku mpira wamiyendo? — Mphunzitsi wamkazi, Tsangano

YANKHO: Aphunzitsi, kalata yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo tinandithawa. Anawo musawabweze. Koma ndiloleni ndiyambe ndi kumene mwandikumbutsako.

Inde, ndinausewera. Ndinali mmodzi wa ana a Mozambique amene boma linkatumiza ku Isla de la Juventud, chilumba cha kummwera kwa Cuba, kuyambira mu 1977 a Samora Machel atagwirizana ndi Fidel Castro pa za maphunziro. Ine ndinapita mu 1983 ndili ndi zaka 13, mwana wa ku Domwe wosaidziwa nyanja. Sukulu zathu zinali pakati pa minda ya manyumwa, amene eni dziko amati toronja. Theka la tsiku tinkakhala m'kalasi, theka linalo kumunda, kupalira ndi kuthyola zipatso. Dzuwa likapendeka, kubwalo. Ife mtima unali pa mpira wamiyendo, koma kwa anthu a ku Cuba mpira ndi umodzi basi, ndipo amangoutcha pelota.

Masewero ake ndi otere. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 9. Pabwalo pali ngodya zinayi zotalikirana mamita 27 ndi pang'ono. Woponya amaima pakati, pafupifupi mamita 18 ndi theka kuchokera kwa womenya. Womenyayo akaumenya mpira ndi chibonga amathamangira ngodya yoyamba, ndipo akazungulira zonse n'kubwerera pomwe anachokera, chimenecho ndi chigoli chimodzi. Akaphonya mipira itatu yabwino wafa, monga momwe atsikana amanenera pa fulaye. Mpira ukawakhidwa m'mwamba usanagwe, kapena ukafika pa ngodya yoyamba iye asanafike, wafanso. Akafa atatu, mbali zimasinthana, ndipo mbali zonse ziwiri zikamenyako, imeneyo ndi ndime imodzi. Golovesi limavalidwa kudzanja limene suponyera, ndiye muone kaye ngati lanulo ndi la kumanzere kapena la kumanja.

Chaka chimene sindidzachiiwala ndi 1986. Aphunzitsi athu a masewero, bambo wachikuda wa ku Cuba wa mawu ngati bingu, anagwirizana ndi anzawo a sukulu zoyandikana kuti tizikumana Lamlungu lililonse. Masewero oyamba tinakumana ndi ana a eni dziko. Anatikwapula mosatimvera chisoni. Zigoli ndinaleka kuwerenga zitapitirira khumi, ife opanda ngakhale chimodzi. Vuto lathu linali la miyendo: mpira ukamagudubuzika pansi, phazi linkafika msanga kuposa dzanja. Mpira wa baseball ndi wolimba ngati mwala, wolemera pafupifupi magalamu 145, wokutidwa ndi chikopa chosokedwa ndi ulusi wofiira. Mnzathu wa ku Nampula anauponda ngati wamiyendo, chikhadabo cha chala chachikulu chinazuka pompo. Madzulo ake m'chipinda chogona munali zii. Ena anati tisiye, izi si zathu.

Amene anatikaniza kusiya anali mnyamata wa ku Macanga, wosalankhulalankhula, wochepa thupi. Kwawo anakula akulondera munda, kupirikitsa anyani ndi miyala kuyambira chimanga chikangoyamba ndevu mpaka kukolola. Aphunzitsi anamuika kutali kumapeto kwa bwalo chifukwa kumenya sankatha ayi. Lamlungu lachitatu, wina wa mbali inayo anaumenya mpira mpaka unakagwera kufupi ndi mitengo ya manyumwa, ndipo mnzake amene anali pa ngodya yachiwiri anayamba kuthamangira kugoli mosakayika konse, akuseka. Wa ku Macanga uja anautola, osaima, osayeza, anangoukoka mkono. Mpira unabwera chathyathyathya, osakwera m'mwamba, unadunda kamodzi n'kulowa m'golovesi langa, pakuti ine ndinali wowakha kumbuyo kwa womenya. Phokoso lake ndimalimvabe, phaa! Dzanja linachita dzanzi mpaka m'chigongono. Wothamanga uja anadzigwetsa n'kutsetsereka, fumbi lofiira koboo, koma nsapato yake inapeza golovesi langa likumudikira kale. Wafa. Aphunzitsi athu anaponya chipewa pansi n'kuthamanga bwalo lonse kukamunyamula mwanayo. Tsiku limenelo tinagonjanso, koma palibe anatchulanso zosiya.

Kuyambira pamenepo tinayamba kuona kuti tili nazo zathu. Liwiro tinali nalo. Kumenya mpira wopita kutali, umene iwo amati jonrón, kunkatikanika, ndiye aphunzitsi anatiphunzitsa toque: suumenya mpira, umangouyika chibonga kutsogolo kuti ugwere pafupi ngati dzira, iwe n'kuliyatsa liwiro. Masabata angapo tinakhalira zimenezo, mpaka zikhatho zinatuluka matuza pamwamba pa matuza a khasu.

Kenako linafika Lolemba la pa 20 Okutobala. Tili pamzere wam'mawa anatiuza kuti ndege ya a Samora yagwa usiku wa pa 19 ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Tangoganizani ana mazanamazana, kutali ndi makolo, akulira nthawi imodzi. Ambiri a ife makalata ochokera kwathu anali atasiya kale kufika chifukwa cha nkhondo. Ine sindinkadziwa ngati amayi ali moyo. Chakumapeto kwa chaka chomwecho nkhondo inakula ku Angónia kuno, ndipo abale anga anathawira ku Dedza pamodzi ndi khwimbi la anthu ena, ena ku Ntcheu, koma zimenezi ndinadzazimva patapita nthawi yaitali.

Masewero anaimitsidwa. Atayambiranso, tinakumana ndi ana a ku Nicaragua, amenenso ankaphunzira pachilumbapo. Kwawoko baseball amayamba akadali ndi mano a mkaka. Tisanayambe anandanda mzere, anavula zipewa, n'kubwera kudzatigwira chanza mmodzimmodzi. Ine ndinkaopa kuti atinyengerera, atisiyira chigoli chachisoni. Sanatero ayi, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Woponya wawo anaponya ndi mphamvu zake zonse. Ndime yomaliza inafika iwo ali ndi zigoli zinayi, ife tilibe. Wa ku Nampula uja, chala chitapola, anafika pa ngodya yoyamba, anaba yachiwiri (kuithamangira mpira usanamenyedwe), mpira utapulumuka kwa wowakha anafika yachitatu. Womenya ndinali ine. Miyendo inkanjenjemera. Aphunzitsi anagwira khutu kenako chipewa, chizindikiro cha toque. Ndinatsitsa chibonga, mpira unagunda n'kugudubuzika pang'onopang'ono motsata mzere wa laimu. Ine anandipha ndisanafike pa ngodya yoyamba. Nditacheuka ndinaona mnzanga ali chafufumimba pa goli, manja atakumbatira mbale yoyera imene imakhala pomwe womenya amaima, akulira mokweza, osafuna kudzuka. Mu masewerowa malo amene umachokera ndi kubwererako amatchedwa pakhomo. Palibe anayankhula za izo, koma tonse tinadziwa chimene chinkamuliza. Tinagonja 4 kwa 1.

Tsopano za ana anu. Chibonga ndi mpira wolimba musayambe nazo. Popanda chipewa cholimba cha womenya ndi chotchinga nkhope cha wowakha, mpira umenewu ukhoza kupha mwana, ndipo sindikukokomeza. Ana a m'misewu ya ku Cuba nawonso sayamba ndi zimenezo. Amasewera cuatro esquinas, kutanthauza ngodya zinayi, ndi mpira wa labala womenya ndi dzanja. Bungwe loyendetsa baseball padziko lonse, WBSC, linatenga masewero a mumsewu amenewa n'kuwaikira malamulo, ndipo pano amatchedwa Baseball5. Mbali iliyonse anthu 5, ndime 5, woponya palibe, womenya amadziponyera yekha n'kumenya ndi chikhatho kapena chibakera, ngodya zimatalikirana mamita 13 okha. Anyamata ndi atsikana amasewera m'timu imodzi, ndipo mudzaona kuti atsikana ozolowera fulaye ndi amene adzayambe kuwakha bwino. Chikho choyamba cha dziko lonse chinachitikira ku Mexico City mu 2022, Cuba ndiyo inapambana, ndipo Kenya, Tunisia ndi South Africa zinaliko.

Mukufunika mpira wa tenisi umodzi kapena iwiri, phulusa lolembera mizere, ndi masaka anayi a fetereza opinda kuti akhale ngodya. Kuzizira kwa ku Tsangano mu Juni kumaumitsa zala, choncho ayambe athamanga ndi kuponyerana chapafupi asanamenye.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: musangowaseweretsa Lachisanu limodzi n'kusiya. Gawani makalasi akhale matimu, lembani ndandanda ya masewero a teremu yonse, muimate pakhoma, tsiku loyamba ndi lomaliza zidziwike. Mwana mmodzi mum'patse kope azilemba amene wagoletsa, amene wawakha, ndi chimene chachitika. Ife tinalibe wolemba. Wa ku Macanga uja sindinamuonenso chibwerereni, ndipo kuponya kwake kuja kulibe pena paliponse koposa m'mutu mwanga ndi pa tsamba lino. Golovesi la pa kaunjikalo lipakeni mafuta pang'ono, muikemo mpira, mulimange ndi chingwe usiku kuti lifewe. Ana akamafunsa ngati munthu wa kuno angafike nawo patali, auzeni za Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene mu 2017 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikulu ya ku America, mu timu ya Pittsburgh Pirates.

FUNSO: Malume, ndinaona pa foni anyamata a ku Japan atagonja pa baseball akulira, akukokolola dothi la pabwalo n'kumaika m'matumba. Kodi ndi zamankhwala? — Wophunzira wa kalasi ya 11, Furancungo

YANKHO: Si mankhwala ayi, mphwanga. Umene unaonawo ndi mpikisano wa sukulu za sekondale wa ku Japan, umene unayamba mu 1915 ndipo umachitika mu Ogasiti pa bwalo la Koshien mumzinda wa Nishinomiya. Masukulu masauzande amayamba kupikisana m'zigawo zawo, koma ofika ku Koshien amakhala 49. Ukagonja kamodzi, watuluka. Kwa mwana wa chaka chomaliza, kugonjako ndiye kutha kwa mpira wake wa kusukulu. Dothilo amatenga kuti likhale chikumbutso choti anapondapo.

Mu 1958 ana a sukulu ya Shuri ya ku Okinawa anatenga dothi lawo ngati anzawo onse. Nthawi imeneyo Okinawa inali m'manja mwa America, ndiye pofika kwawo dothilo linaonedwa ngati lochokera kudziko lina, ndipo potsata malamulo oteteza mbewu linatayidwa m'nyanja. Nkhani imeneyi imandikhudza, chifukwa ndikudziwa kukhala mwana amene dziko lake likukanganiridwa ndi akuluakulu.

Koma imene ndimaikonda, monga munthu amene wagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi moyo wake wonse, ndi ya 2018. Sukulu ya boma ya zaulimi yotchedwa Kanaashi, ya ku Akita, inagonjetsa masukulu otchuka mpaka kufika mu ndime yotsiriza, chinthu chimene chigawo chawo chinali chisanachitenso kuyambira mu 1915. Ana ophunzira za mpunga ndi nkhumba! Kumapeto anagonja 13 kwa 2 ndi Osaka Toin. Woponya wawo, Kosei Yoshida, anaponya mipira 881 mu mpikisano umodziwo, ndipo tsiku lomaliza thupi linali litatheratu. Anthu anamutama, koma ine pamenepo sindiombera m'manja. Mkono wa mwana sunakhwime, ndipo akuluakulu anayenera kumupumitsa. Kuyambira mu 2020 anaika lamulo loti mwana asapitirire mipira 500 pa sabata. Iwenso ukadzayamba kuponya, chigongono kapena phewa likangoyamba kuwawa, siya tsiku lomwelo, usadikire kuti wina akuuze.

Ine dothi la pabwalo lathu la pachilumba sindinatenge, nzeru imeneyo tinalibe. Ndinabwera ndi mpira umodzi wothothoka ulusi, umene aphunzitsi athu anandipatsira padoko la Nueva Gerona tsiku lonyamuka. Uli m'chitini pamwamba pa kabati kunyumba kwanga ku Ulongwe. Aphunzitsi a ku Tsangano, mukabwera kuno ku boma mudzadutse mudzautenge, ana akaugwire aone kulemera kwake. Koma asaponyerane, ndipo teremu ikatha mudzandibwezere.